Miyezi Iwiri Imene Ndinabisa

"Mwezi wa mimba yako usadzauze munthu, ngakhale mwamuna wako. Akakufunsa uzichotsapo iwiri." Anandiuza zimenezi ndi azakhali anga, ndili ndi pathupi poyamba, tikupalira mtedza kumunda kwawo. Anati munthu woipa akadziwa mwezi wako amayamba kuwerenga masiku, ndipo tsiku lako likayandikira amakumangira njira, mwana n'kukanika kutuluka. Koma ukamunamiza, amadzamanga iwe utachira kale, mwana ali kumsana.

Ndinamvera. Mimba zisanu ndi ziwiri ndinanamiza mudzi wonse, ana asanu anakula. Awiriwo sindikamba za iwo pano.

Ndinene poyamba kuti ine sindikhulupirira munthu, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndiwo za pamaliro ndimadya ndikaona amene wapakula. Wogulitsa feteleza ndimamuuza amasule thumba ndilowetsemo dzanja mpaka pansi. Kutchalitchi ndimakhala benchi la kumbuyo kuti ndiziona onse, iwo asamandione. Anthu amati ndine wovuta, koma ambiri mwa anzanga amene anali osavuta tinawaika kale.

Mdzukulu wanga wamkazi ndinamulera ndekha, mayi ake atamwalira iye ali sitandade fili. Atakula anakwatiwa ndi mnyamata wa chakumpoto kwa Simlemba, wolankhula mokokera ku Chitumbuka. Kwawo amatenga mkazi kupita naye, koma ine ndinakana. Ndinati akafuna mwanayu abwere adzamange pano, malo alipo. Anabweradi, anamanga kanyumba kuseri kwa yanga, ndi chigafa chachitali chopachikamo fodya. Monga mwa chikhalidwe chathu ndimamuitana kuti amuna anga, mdzukulu wangayo n'kukhala mkazi mnzanga. Ndi mnyamata wolimbikira. Sindinamupezepo cholakwa chachikulu, ngakhale ndakhala ndikufufuza.

Kuno mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Achinyamata ambiri anazisiya, koma pakhomo panga zilipo. Mwezi uliwonse mdzukulu wanga ankaitana ali kukhitchini, "Agogo, dzandithirireniko." Anandiitana komaliza sabata imene mwamuna wake ankafesa nazale ya fodya kudambo, kumayambiriro kwa Seputembala. Okutobala anadutsa, zii. Novembala, zii. Ndinamuitanira m'nyumba, n'kutseka chitseko.

"Mkazi mnzanga, walanda mwamuna wanga mpaka wamuberekera?"

Anaseka, n'kubisa nkhope m'chitenje.

"Tamvera. Aliyense akakufunsa, uzinena kuti yayamba Novembala. Aliyense. Ndipo za mimba sitikamba ndi anthu."

"Nanga kusikelo, agogo?"

"Makamaka kusikeloko."

Ndinali ndi chifukwa. Pachipatala chathu chaching'ono amayi amakhala pa mabenchi pakhonde, chitseko cha anamwino sichitsekeka bwino, zonse zofunsidwa mkati zimamveka panja. Ndipo mayi amene amasesa pamenepo ndi mwana wa mnansi wanga amene takhala tikukangana naye za malire a kudambo kuyambira amuna anga enieni ali moyo. Ndikanalola bwanji kuti mwezi wa mdzukulu wanga ufike m'makutu a banja limenelo?

Sikelo tinachedwa kuyamba. Januwale ndi Febuluwale ndi nthawi yothyola ndi kusoka fodya, munthu sapeza mpata ngakhale wometa tsitsi. Tinapita m'Malichi, ine ndinamuperekeza chifukwa mwamuna wake anali m'chigafa. Anamwino anafunsa kuti anasamba komaliza liti. Mwanayo anandiyang'ana kaye, kenako anati Novembala. Anamugoneka, anatenga tepi ngati ya atelala n'kuyeza mimba kuchokera pansi mpaka pamwamba pake.

"Mimbayi yatsogola," anatero. "Mukutsimikiza kuti ndi Novembala?"

"Eya," anayankha mdzukulu wanga.

"Mwina ndi mapasa. Mupite kuboma akakujambuleni tione."

Analemba m'kabuku ka kuchipatala. Ine mumtima ndinaseka, chifukwa ndinkadziwa chimene chinatsogoza mimbayo. Kuboma sitinapite. Ndinati tikataya tsiku lathunthu ndi fodya ali pakhomo, kukafunsa makina chinthu chimene ine ndikuchidziwa kale.

Epulo anafika, kusankha fodya kunayamba. Amene sanakhalepo m'chigafa nyengo imeneyi sangamvetse. Umadzuka kusanache bwino, masamba akadali ofewa ndi chinyontho cha m'mawa, chifukwa dzuwa likakwera amayamba kuthetheka m'manja. Umakhala pa chiguduli miyendo utatambasula, n'kumapatula tsamba limodzilimodzi, ofiira kwaokha, oyera kwaokha, aatali, aafupi, ong'ambika, kenako kumanga timitolo. Fumbi lake limalowa m'mphuno, ukamina umatulutsa zakuda. Zala zimamata, ukalawa zimawawa. Chakudya chimabwera dzuwa litapendeka. Mnyamatayo analibe waganyu, choncho mkazi wake ankakhala momwemo tsiku lonse, mimba ili pamiyendo. Nanenso ndinasankha fodya ndi mimba zanga zonse, ndiye sindinaone chachilendo.

Chimene ndinaona ndi chitenje chake. Mayi woyembekezera miyezi yomaliza, nsonga ya chitenje imafupika sabata ndi sabata, mpaka kuvutika kupisira m'chiuno. Chake chinkangokwana pomwe chinkakwanira kale. Amayi a m'mudzi ankamuyamikira kuchitsime. "Kamimba kabwino aka, kosalemera. Sudzavutika pochira iwe." Ine ndinkangoyang'ana chitenjecho. Ndinaonanso kuti masilipasi ake ayamba kumusiyira mizere pamapazi, ndinati ndi chifukwa chokhala pansi nthawi yaitali.

Kumayambiriro kwa Meyi tinapitanso kusikelo. Tinapeza anamwino ena, achitsikana, a mawu ofewa. Anayeza ndi tepi, anayang'ana m'kabuku, anamwetulira.

"Zili bwino, amayi. Mwana akukula molingana ndi miyezi yake isanu ndi umodzi."

Ndinawerenga ndi zala pansi pa chitenje, kuyambira pa nazale. Inakwana isanu ndi itatu. Ndinawerenganso, yomweyo. Mwana wa miyezi isanu ndi itatu anali ndi msinkhu wa mwana wa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo m'chipinda monsemo ndinkadziwa ndine ndekha.

Sindinaulule. Ndilembe momwe zinalili: ndinathokoza, tinatuluka. Mayi wosesa uja anali pakhonde ndi tsache lake, anatipatsa moni, ndinayankha ndi mutu. Tinayenda mpaka pa golosale ya bambo wachisilamu amene timagulako sopo, pamenepo ndinaima n'kumufunsa mdzukulu wanga.

"Iwe, mwanayu akusewera?"

"Akusewera, agogo."

"Usandiyankhe ngati ndine mlendo. Akusewera ngati kale?"

Anayang'ana pansi. "Wachita ulesi. Kale ndikangomwa madzi m'mawa ankandimenya mpaka ndinkasiya tsamba. Masiku ano amatha kufika masana ali phee."

"Kuyambira liti?"

"Sabata yatha ija."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Si munati za mimba sitikamba?"

Anandiyankha mofatsa, osati monyoza, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri. Ndinamugwira dzanja, tinatembenuka.

Pakhonde mzere unali udakali wautali. Ndinadutsa pakati pawo ndikumukoka mwanayo. Amayi anayamba kulongolola. "Agogo, mzere!" Wina kumapeto anakuwa, "Asiyeni, mwina nawonso ali ndi pathupi!" Onse anaseka. Ndinakankha chitseko chija, ndipo sindinachitseke. Ndinkadziwa amene waima kumbuyo kwanga ndi tsache.

"Mwana wanga, zimene zili m'kabukumo ndi zabodza. Mimba iyi ndi ya Seputembala. Ili ndi miyezi isanu ndi itatu."

Kumwetulira kwa anamwino kunatha. "Ananama ndani?"

"Ine. Uyu ndinachita kumutuma."

"Agogo, mukudziwa chimene mwachita?"

"Ndikudziwa. Mudzandikalipira mawa, ndibwera ndekha mudzandikalipire bwinobwino. Lero yezaninso. Ndipo sakusewera."

Anapempha mayi amene anali pabedi kuti adikire panja. Anaika kachipangizo pamimba, mtima wa mwana unamveka, wothamanga ngati wa nkhuku ukaigwira m'manja. Anamumanga mdzukulu wanga lamba pamkono, anati magazi akuthamanga kuposa mmene analili m'Malichi. Anadina phazi lake ndi chala, panatsala kadzenje. Kenako anandifotokozera, mosakweza mawu koma osandisekerera. Anati miyezi yomaliza ndi imene mwana amavala mnofu ndi kukhwimitsa mapapo. Amadya kudzera mu nsengwa, chija chimatuluka pambuyo mwana akabadwa. Nsengwa ikatopa, kaya chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, kaya mayi sakudya ndi kupuma mokwanira, chakudya chimachepa, mwana amasiya kukula, kenako amachepetsa kusewera kuti asunge mphamvu. Anati tepi ija payokha siidziwa kanthu, imadalira mwezi umene mayi wanena.

"Mupite kuboma lero. Osati mawa."

Kunyumba tinapeza mnyamatayo m'chigafa, nkhope yonse fumbi. Ndinaima pakhomo la chigafacho.

"Amuna anga, sambani m'manja mukatipezere njinga yamoto. Mkazi wanu akupita kuboma."

"Kuboma lero? Agogo, galimoto yonyamula mabelo ikubwera Lachisanu, fodya yense uyu asankha ndani? Mimbayo ikadali kutali, miyezi sikisi yokha."

"Ndi eyiti."

Anandiyang'ana, anayang'ana mkazi wake. "Eyiti? Ndiye ine mwini mimba munandinamiza?"

"Ndinakunamizani. Ndinanamiza inu, anamwino, abusa, mudzi wonse. Mukwiye muli panjira."

"Ine ndakhala ndikumudzutsa m'bandakucha munthu wa miyezi eyiti? Agogo, mukanandiuza ndikanam..."

"Mukanatani? Mukanasankha nokha? Za mukana tidzakamba tikabwerako. Fodyayu sapuma mpweya, akudikirani."

Anali ndi tsamba m'manja. Analiika pansi bwinobwino pa mulu wake, chifukwa ngakhale atakwiya satha kutaya tsamba, n'kutuluka akuthamanga.

Kuboma anamupaka mafuta ozizira pamimba n'kumujambula. Adokotala anatembenuzira kwa ine kagalasi kakuda ka makina ojambulirawo, akuloza. "Uwu ndi mutu, uwu ndi msana, ichi ndi chifuwa." Ine ndinkangoona mitambo, kupatula kanthu kamodzi kakuphethiraphethira pakati. Anati mwana ndi mmodzi, ndi wamng'ono, ndipo madzi amene amakhalamo achepa. Kenako anafunsa kuti ndikutsimikiza bwanji za Seputembala, popeza kabuku kakunena zina ndipo munthu amene wanama kamodzi akhoza kusokonezanso. Ndinawauza za mchere ndi za nazale. Anaseka pang'ono, ndi mwana wa m'tauni. Koma anamwino achikulire amene anali pambali anati, "Adokotala, lembani Seputembala. Agogo ngati awa pa mchere salakwitsa."

Anamugoneka m'chipatala. Anamubaya majekeseni oti athandize mapapo a mwana kukhwima ngati angafunike kutuluka msanga, ndi mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi. Anati azigonera kumanzere, adye, apume, ndipo tiziwerenga kusewera kwa mwana. Akasewera kosakwana kakhumi kuyambira m'mawa mpaka masana, tinene msanga.

Kuwerengako sindinasiyire munthu. Ine ndinkagona kuchitando, kumene odikirira odwala amaphikira, koma kukangocha ndinkakhala pambali pa bedi lake ndi nyemba khumi m'thumba la juzi lakumanja. Dzanja langa linkakhala pamimba pake. Mwana akagwedezeka, nyemba imodzi inkasamukira kumanzere. Nthawi zina mdzukulu wanga ankati, "Wasewera, agogo," ine osamva kanthu m'dzanja. Ndinkakana kusamutsa. Ankati, "Ndiye mimbayi ndi yanu kapena yanga?" Amayi a mabedi oyandikana anandipatsa dzina loti agogo a nyemba, ena anayamba kundibwereka kuti ndiwawerengereko. Ndinkakana. Dzanja langa linali ndi ntchito imodzi.

Chakudya ndinkaphika ndekha, phala la mgaiwa lotsira nsinjiro, nyemba, chisoso ndikachipeza pamsika, ndi mazira. Azakhali anga aja ankaletsanso mazira kwa mayi woyembekezera. Ndinamuphikira awiri tsiku lililonse ndipo sindinapemphe chilolezo kumanda. Anzanga a kuchitando akandipatsa ndiwo ndinkathokoza n'kuika pambali.

Masiku asanu ndi atatu nyemba zinkatha kusamuka dzuwa lisanafike pamutu, ngakhale movutikira. Tsiku lachisanu ndi chinayi belu la chakudya chamasana linalira ndili ndi zitatu zokha kumanzere. Ndinapita pa tebulo la anamwino, ndinatsanulira nyemba zisanu ndi ziwiri patsogolo pawo. Anali otanganidwa, odwala anali ambiri, anati ndidikire pang'ono amalize kulemba. Ndinati sindidikira, ndipo ndiima pomwepa ndizilankhula mpaka atatopa nane. Anamwino achikulire aja anayang'ana nyembazo, anasiya cholembera. Anamvetsera mtima wa mwana nthawi yaitali, anatuma munthu kukaitana adokotala. Dzuwa lisanapendeke kwambiri anali atamulowetsa mdzukulu wanga ku opaleshoni.

Ndinakhala pa simenti panja pa chitseko. Sindinapemphere mawu ambiri. Ndinangouza Mulungu kuti bodza linali langa, asalakwitse munthu.

Anabadwa wamkazi, wosakwana makilogalamu awiri. Khungu linali lomukulira ngati malaya obwereka, timiyendo ngati zala zanga. Koma analira, kamawu kakang'ono kokwiya. Anatiphunzitsa kumuika pachifuwa, khungu pa khungu, atavala chipewa ndi thewera lokha, n'kumumanga ndi chitenje kuti asazizidwe. Amati kangaru. Mayi ake anali ndi bala, ankatopa msanga, ndiye tinkasinthana. Chifuwa changa chinauma kalekale, koma kutentha chikadali nako. Bambo ake anabwera atatumiza mabelo, anasamba kawiri, anavula shati pamaso pa amayi onse a m'chipindamo n'kumunyamula nayenso. Sanandilankhule tsiku limenelo. Anayamba kundilankhula sabata yachiwiri, ndipo nkhani ya mwezi sanaiyambitsenso. Ndikudziwa kuti sanaiwale.

Titabwerera kumudzi tinapeza nkhani yatifikira kale, yogawika pawiri. Achikulire anzanga akuti ndinaulula mwezi pakhonde la chipatala, anthu anamva, n'chifukwa chake mwanayo anachira ndi mpeni. Achinyamata, makamaka a kwaya, akuti ndinatsala pang'ono kupha chidzukulu ndi zikhulupiriro zachikale. Onsewa akufuna ndiweramitse mutu, aliyense kumbali yake. Sindiweramitsa. Achikulirewo sanaone chitenje chikukana kufupika. Achinyamatawo ndi omwe ankayamikira kamimba kosalemera kuchitsime. Ndinapepesa kwa munthu mmodzi, mdzukulu wanga, kamodzi, tili awiri, ndipo zimene anandiyankha ndi zathu.

Mayi wosesa uja anabwera ndi ufa m'beseni ndi sopo. Anati tsiku lija anamva zonse ndipo anatipempherera. Ndinathokoza. Ufawo ndinayamba ndathirako nkhuku, ndinadikira masiku awiri. Nkhuku zili bwino, ufa tinadya. Za malire a kudambo sizinasinthe.

Tsopano ndi nthawi yozizira, mphepo ya kuno ilibe phiri loitchinga, imangolowa pansi pa chitseko. Mwanayo timapita naye kusikelo sabata iliyonse. Sabata ziwiri zoyamba anakwera bwino. Yapitayi anakwera pang'ono kwambiri, anamwino anati tionjezere kuyamwitsa, ngakhale akugona tizimudzutsa, ndipo asachoke pachifuwa. Mayi ake mkaka ulipo koma thupi silinabwerere, akaima nthawi yaitali amaona chizungulire. Bambo ake amakhala kudimba tsiku lonse, apo ayi sitidya ndiwo. Ndiye maola ambiri mwanayu ali pa ine. Ndikulemba izi ali pomwepa, ndikumva mpweya wake pakhosi panga.

Ndinaletsa alendo. Ndinati wa chimfine asayandikire, wochokera m'chigafa asalowe ndi zovala zomwezo, wobwera ndi mankhwala osambitsira mwana kuti anenepe abwerere nawo. Ndinanena mokweza, mwina mokweza kwambiri, chifukwa tsopano ngakhale wopanda chimfine sabwera. Sabata yatha yonse palibe amene ananena odi pakhomo pano. Lachitatu ndinagwada n'kukoleza moto mwana ali pachifuwa, msana unandigwira, ndinalephera kudzuka. Mayi ake anali mtulo, ndinaopa kukuwa kuti ndingamudzidzimutse mwanayu. Ndinakhala chogwada mpaka nkhuni zinatha kuyaka.

Sindinasinthe, musaganize choncho. Mukabwera ndikuyang'anani m'manja, ndipo chimene mwabweretsa sindidya tsiku lomwelo. Mwana simumunyamula mpaka anamwino atanena kuti wakwana. Koma inu amene mukuwerenga izi, ngati mumadutsa msewu wafumbi wa cha ku Wimbe popita kumsika kapena kuchigayo, funsani pamene pakhala gogo wovuta wa kamwana ka pachifuwa, aliyense akulozerani, mwina akuseka. Patukani masana, kuli dzuwa. Muime pabwalo, muitane, mudikire ndiyankhe. Ndikapanda kuyankha, sambani m'manja pa ndowa ili pakhomopo, mulowe.